Manda a ku Lützen ndi nkhondo imene timaitcha ya chipembedzo

M'chaka cha 2011 akatswiri ofukula zinthu zakale anapeza dzenje lalikulu m'munda wina pafupi ndi tauni ya Lützen ku Germany, ndipo m'dzenjemo munali mafupa a anthu 47 amene anaphedwa pankhondo ya mu Novembala 1632. Tsiku limenelo asilikali a Sweden anamenyana ndi gulu la mkulu wa asilikali wotchedwa Wallenstein, lomwe linkamenyera mfumu yaikulu ya Chikatolika, ndipo mfumu ya Sweden, Gustavus Adolphus, inafera komweko. Mabuku a mbiri analemba zambiri za imfa ya mfumuyo, koma za anthu 47 aja palibe amene anasunga ngakhale dzina limodzi.

Akatswiriwo sanafukule mandawo mothamanga. Anadula nthaka yonse pamodzi ndi mafupa ake n'kupita nayo mumzinda wa Halle, kumene anaiunika pang'onopang'ono. Zimene anapeza n'zomvetsa chisoni kwambiri. Ambiri mwa anthuwo anawomberedwa m'mutu, ndipo m'zigaza zina chipolopolo chamtovu chinali chidakali momwemo. Ena anali anyamata osafika zaka 20, pomwe ena anali ndi mabala akale amene anapola, kusonyeza kuti iyi sinali nkhondo yawo yoyamba. Anaikidwa atavulidwa pafupifupi chilichonse, chifukwa nsapato ndi malaya zinali chuma kwa otsala amoyo.

Kumenyana kwa ku Lützen kunali mbali chabe ya nkhondo yaikulu ya zaka 30. Nkhondo imeneyi, yomwe inayamba mu 1618 n'kutha mu 1648 ndi pangano la Westphalia, timaphunzitsidwa kuti inali ya Akatolika ndi Apulotesitanti. Ine sindikana kuti chikhulupiriro chinayatsa motowo, pakuti anthu ambiri anafadi chifukwa cha tchalitchi chimene ankapempherako. Komabe ndimaona kuti tikamaima pamenepo timawalakwira akufawo. Fupa silinena kuti mwini wake ankalandira mgonero kuti, koma limanena kuti anakula ndi njala, anasenza katundu wolemera, ndipo anadwala osalandira chithandizo.

Mano nawonso amaulula kumene munthu anakulira, chifukwa madzi ndi chakudya cha paubwana zimasiya chizindikiro m'menemo. Ku Wittstock, tauni ina ya ku Germany, kumene manda ena a asilikali 125 a nkhondo ya mu 1636 anapezeka mu 2007, kuunika kotereku kunasonyeza kuti anthuwo anachokera kumaiko osiyanasiyana, ena mpaka ku Scotland. Ambiri mwa asilikali a nthawi imeneyo anali aganyu, ndipo ogwidwa pankhondo kawirikawiri ankangolowetsedwa m'gulu limene lawagwira.

Ngakhale akuluakulu enieniwo sankatsata mzere wa chipembedzo nthawi zonse. Ndalama zina zimene zinkayendetsa gulu la Chipulotesitanti la Sweden zinkachokera ku France, dziko la Chikatolika, mwa pangano la ku Bärwalde la mu 1631, ndipo amene anakonza zimenezo anali Kadinala Richelieu, nduna yaikulu ya France, yemwe ankaopa mphamvu za banja lachifumu la Habsburg, la mfumu yaikulu ya Chikatolika ija, kuposa mmene ankaopera ziphunzitso za Martin Luther, yemwe anayambitsa Chipulotesitanti.