Mmene ndinaperekera umboni pa mlandu wa mnyamata wa kabaza

Ndili ndi okala ku Chibavi, m'mbali mwa msewu umene akabaza amadutsamo mpaka usiku. Tsiku lina m'nyengo yozizira, chifunga chitagwa kale monga chimachitira kuno ku Mzuzu, ndikutseka okala ndinamva kukuwa. Anyamata awiri anali atagwetsa wa kabaza. Mmodzi anamutema ndi chikwanje paphewa, mnzakeyo n'kudumphira panjinga yamotoyo. Wa chikwanjeyo potembenuka getsi la pakhonde panga linamuwalira kumaso, ndipo ndinaona chipsera pamwamba pa diso lake lamanzere. Winayo anavala helemeti, nkhope yake sindinaione.

Oyamba kufika anali a chitetezo cha m'mudzi. Mkulu wawo, bambo wachikulire ndithu, anauza mayi wina kuti atsindire chitenje pabalapo mwamphamvu, n'kuletsa anthu kugwira chikwanje chimene mbavazo zinataya m'ngalande. Kenako anandikokera pambali. "Achimwene, zimene mwaonazi musakambirane ndi gululi. Kukamacha mudzakhala mutasakaniza zanu ndi zawo." Anali kunena zoona, chifukwa pompo ena anayamba kale kunena kuti mbavazo zinali zinayi ndipo zinali ndi mfuti. Ndinalowa mu okala, n'kulemba kumapeto kwa kope la ngongole nthawi yake, mtundu wa jekete, chipsera chija ndi kumene njinga inalowera. Kope limeneli linandithandiza kwambiri kutsogoloku.

Tinaimbira apolisi, ndipo wovulalayo tinamutengera ku Mzuzu Central Hospital pagalimoto ya woyandikana nafe. M'mawa mwake mkulu wake wa wovulalayo anakatenga kalata kupolisi yoti achipatala alembepo mmene anavulalira. Achibale a ovulala, pepala limeneli musalinyalanyaze. Bala limapola, koma lipoti la chipatala ndi limene limakauza khoti kukula kwake kwa balalo.

Sitetimenti ndinakapereka kwa wapolisi wofufuza milandu wa CID. Ndinkayembekeza kuti ndingofotokoza nkhani yonse ndimalize, koma iye ankandiimitsa pafupipafupi. Munaima patali bwanji? Kuwala kunachokera kuti? Munamuyang'ana nthawi yaitali bwanji? Munayamba mwamuonapo kale? Nditafunsa chifukwa chake, anandiuza kuti pa milandu ya usiku khoti limasamala kwambiri, poti mboni yoona mtima imathanso kuloza munthu wolakwika. "Bambo, pamene simunaone nenani kuti simunaone. Sikuti mwatichititsa manyazi ayi." Mawu amenewa anandimasula. Ine ndinkalankhula Chichewa iye akulemba m'Chingerezi, choncho ndisanasaine ndinati, "Bwana, mundiwerengere m'Chichewa." Anawerenga mzere ndi mzere, ndipo tinakonza pamene panaoneka ngati ndinaona nkhope zonse ziwiri. Potuluka ndinatenga nambala yake ya foni ndi nambala ya fayilo ya mlanduwo.

Njinga itapezeka kwa munthu wina amene anaigula motchipa, mnyamata mmodzi anamangidwa ndipo anandiitana kuti ndikamuzindikire. Anandandalika amuna angapo amsinkhu wofanana, n'kundiuza kuti n'kutheka munthuyo palibepo pamzerepo, ndisadzikakamize. Miyendo inkanjenjemera. Ndinayenda pang'onopang'ono mpaka kumapeto, ndinabwerera, ndipo chipsera chija ndinachiona.

Apa ndinenepo za chinthu chimene chimatipweteka ambiri m'makwalalamu. Gawo 42 la malamulo aakulu a dziko lino limati womangidwa akaonekere kukhoti pasanathe maola 48. Komanso dziwani kuti belo ya kupolisi ndi yaulere. Ndiye mukamuona woganiziridwa akuyenda mumsika sindiye kuti mlandu watha kapena wina wadya ndalama. Maganizo amenewo ndi amene amachititsa anthu kuotcha anzawo ndi matayala, ndipo wootchedwayo sangatchulenso mnzake amene anathawa. Wathuyu khoti linamukaniza belo, anakhala pa limandi.

Samani itabwera ndinapita m'mamawa. Mboni timadikira panja kuti tisamve zimene anzathu akunena. Dzina langa litaitanidwa ndinalumbira nditagwira Baibulo, kenako woimira boma, amenenso ndi wapolisi, ananditsogolera ndi mafunso ofanana ndi a mu sitetimenti. Mlandu unali wakuba moopseza, pansi pa gawo 301 la Penal Code, lamulo la milandu ndi zilango zake.

Chimene palibe anandikonzekeretsa n'chakuti wozengedwayo analibe loya, choncho mafunso anandifunsa yekha, maso ndi maso. Ankalankhula Chitumbuka, womasulira n'kumanditembenuzira. "Kunali chifunga, munandiona bwanji?" Ndinayankha ndikuyang'ana kwa woweruza kuti chifunga chinalipodi, koma iye anadutsa pansi pa getsi, pafupi ngati kuchokera pamene ndinaimapo kufika pakhomo la khotilo. "Nanga mnzangayo anali ndani?" Ndinati sindikumudziwa, nkhope yake sindinaione. Mtima unkafuna kuwonjezera kuti amangidwe basi, poti ndinali nditaona mmene mnyamata wa kabaza uja ankalephera kukweza mkono. Koma ndikanawonjezera kamodzi kokha, umboni wanga wonse ukanakayikitsa.

Mlandu unkaimitsidwa n'kupatsidwa tsiku lina, ndipo ulendo uliwonse okala inkakhala yotseka. Zimenezi zimawawa m'thumba, sindingabise. Mayi wina wogulitsa mandasi amene anaonanso chiwembucho anasiya kubwera anyamata ena atamulankhula mawu oopseza pamsika. Sindimuweruza, ali ndi ana aang'ono. Inenso uthenga woopseza unandipeza pafoni. Sindinaufufute, ndinakauonetsa kwa wofufuza uja tsiku lomwelo, ndipo a chitetezo cha m'mudzi anayamba kuzungulira kwathu usiku.

Khoti linapeza kuti wozengedwayo ali ndi mlandu woti ayankhe, anadziteteza, ndipo pamapeto linamupeza wolakwa n'kumulamula kukagwira ukaidi. Njinga inasungidwa ngati umboni mpaka khoti litalola kuti ibwezedwe kwa mwini wake, amene anali bwana wa mnyamata wovulalayo. Mnyamata wa kabaza uja sanabwererenso pamsewu, mkono sunalimbe mokwanira, ndipo pano akugulitsa matimati ku msika wa Zigwagwa. Wa helemeti uja sanagwidwebe. Wofufuza anandiuza kuti fayilo yake ikadali yotsegula ndipo akadzamupeza adzandiitananso, kuti ndikanene za jekete, msinkhu wake ndi kumene analowera ndi njingayo.