Bambo afika pageti okha, zikomo nonse

Lero m'mawa bambo anadzuka pampando okha, n'kuyenda mpaka pageti, n'kutembenuka, n'kubwerera. Palibe anawagwira mkono. Ine ndinali pambuyo pawo, manja nditapinda kumsana monga anandiuzira amayi a mafizo, mtima uli phaphapha. Atakhala pansi anandifunsa ndi timawu tawo tija ta pansipansi kuti, “Masitepe angati?” Sindinawerenge. Misozi inali itanditseka m'maso.

Inu amene mwayenda nafe mukudziwa kumene tachokera, sindibwereza zonse. Kugwa kuja kwa m'bafa, masabata aja a pabedi, ndi dzina lija, Parkinson. Matenda amene dokotala wa ku London, James Parkinson, anawafotokoza kalekale mu 1817, koma ife tinawamva koyamba tsiku limene anagwera m'nyumba mwathu. Papita miyezi 7. Ndatopa, sindinama, thupi lonse ngati andimenya. Koma ndati ndisagone ndisanathokoze.

Ambuye Mulungu, Inu mukudziwa zimene ndinkakuuzani usiku. Zina zinali zamwano. Mundikhululukire, ndipo zikomo.

Tsopano amayi a mafizo. Dzina sinditchula, iwo sakonda zimenezo, koma akudzidziwa. Tsiku loyamba anandipeza ndikuwanyamula bambo m'khwapa kuti ndiwadzutse pampando. Anangoti, “Achemwali, asiyeni. Mukawanyamula lero, mawa miyendo iiwala ntchito yake.” Ndinapsa mtima. Mumtima ndinati munthu uyu alibe chisoni, kholo langa livutike ine ndikuonerera? Iwo anagwada pambali pa mpando n'kuyamba: “Bambo, sunthirani kutsogolo kwa mpando. Mapazi abwere pansi pa mawondo. Weramirani kutsogolo mpaka mphuno ifike pamwamba pa zala za kumapazi. Dzukani.” Kanayi konse bambo anabwerera pampando, phi. Kachisanu anaima. Ine amene ndinali nditawasenza masabata onse aja ndinazindikira kuti chikondi changa chomwecho n'chimene chinkawalemaza.

Ndi amayi omwewa amene anakhala nafe pansi n'kutifotokozera zimene zikuchitika. Mu ubongo muli maselo amene amapanga dopamine, kemikolo yothandiza kuti thupi liziyenda bwino, ndipo matendawa amawapha pang'onopang'ono. Dopamine akachepa, zinthu zimene thupi limachita lokha osaganizira zimayamba kufota. Phazi silinyamuka bwino, munthu amangokhwekhwereza timasitepe. Mikono siyendanso poyenda, mawu amatsika, zilembo zimakhala ting'onoting'ono, nkhope imauma. Ife nkhope ija tinkayesa kuti bambo atikwiyira. Chaka chathunthu tisanadziwe za matendawa, mayi anga ankadzifunsa chimene analakwa.

Ndipo sanatinamize. Anati matendawa sachira, mafizo sawachotsa, ndipo amapitirira. Ntchito yathu ndi kusunga zimene zilipo kuti zikhalitse, ndi kuteteza kuti bambo asagwenso. Zinandipweteka, koma kuyambira tsiku limenelo ndinasiya kuthamangira aliyense wondilonjeza zozizwitsa pafoni.

Chimene chinkatizunza kwambiri chinali pakhomo la kuchipinda. Bambo akafika pamenepo mapazi ankangoti kakata, ngati awamata ndi guluu, thupi likufuna kupita koma miyendo ikungonjenjemera pamodzimodzi. Ife tinkawakoka dzanja, wina uku akukuwa kuti “tiyeni, tiyeni!” Amayi a mafizo anati kukokako n'kumene kumagwetsa munthu. Anabwera ndi tepi wamtundu wowala, n'kumata mizere pansi mopingasa, kutalikirana kwa sitepe imodzi. “Musaganize zoyenda, bambo. Ingodumphani mzerewo.” Anadutsa! Ndinayang'ana tepi uja, kanthu kachabechabe, ndinaseka mpaka kukhala pansi. Ankati maso ndi makutu akapatsidwa chizindikiro, ubongo umadutsira njira ina. Pamene palibe mizere, bambo amayamba aima kaye, n'kupendekera kumanja, kumanzere, kenako wina amawerenga mokweza, wani, thu, wani, thu. Anatiletsanso kuwacheza akamadutsa pakhomo kapena akamatembenuka, chifukwa zinthu ziwiri nthawi imodzi zimawasokoneza. Potembenuka azizungulira motakasuka, osati kupotokera pamalo amodzi. Timakapeti tonse ta pansi anatichotsetsa, mayi akudandaula.

A dokotala amene munakonza nthawi za mankhwala, zikomo. Koma apanso ndi amayi aja amene anandiuza kuti ndigule kope kuti ndizilemba nthawi imene bambo amwa mankhwala awo a Parkinson otchedwa levodopa ndi nthawi imene thupi lamasuka, ndipo mafizo tinawaika pa nthawi yomasukayo. Kope lomwelo n'limene linathandiza a dokotala. M'mawa bambo sadzukanso mothamanga, amayamba akhala m'mphepete mwa bedi kwa kanthawi, chifukwa BP imatha kutsika akaimirira n'kuchita chizungulire.

Achimwene, ndinu kutali koma simunaphonye mwezi ndi umodzi womwe. Mulungu abwezeretse pamene mwachotsa. Aneba athu amene munabwera ndi zida zanu n'kukhoma zitsulo zogwirira m'bafa ndi m'chimbudzi, n'kukana kulandira kanthu, ndilibe nanu mawu. Azimayi a kutchalitchi amene munkasinthana kudzakhala ndi bambo masana kuti ine nditseke maso ola limodzi. Mwana wanga wamkazi, amene wakhala wowerengera masitepe a agogo ake, ndipo amawakalipira akachita ulesi: “Agogo, sitepe yaikulu! Mkono uyende!” Ndi iye yekha amene amamumvera popanda kunyinyirika. Mayi anga, amene mwakhala mukudzuka katatu usiku uliwonse, inuyo ndidzakuthokozani pamaso, pano sipakwana.

Panali sabata ina, mwezi wachitatu, imene bambo anakana zonse. Anatembenukira kukhoma, osayankha aliyense. Ine ndinali nditagonja. Amayi a mafizo anafika, sanatulutse chida chilichonse m'chikwama. Anakoka mpando n'kufunsa bambo nyimbo zimene ankavina ali mnyamata. Anaipeza imodzi pafoni. Ndinaona chala cha phazi chikugunda m'bulangete. Tsiku limenelo anayenda kuchokera pabedi kufika pawindo motsatira kugunda kwa nyimbo, ndipo amayi aja potuluka anandinong'oneza kuti ndiwauze a dokotala za kukhumudwako, chifukwa nako ndi mbali ya matendawa ndipo kuli ndi chithandizo. Amayi, sindikudziwa ngati zimenezi anakuphunzitsani kusukulu kapena munabadwa nazo. Mulungu akusungireni mawondo anuwo, mwagwada nawo kwambiri m'nyumba mwathu.

Enanu amene munati “ndi ukalamba umenewo, asiyeni agone,” ndi inu amene “tibwera sabata yamawa” yanu yatha miyezi 7, palibe mlandu. Geti ndi lomwe lija. Mukabwera cha m'mawa mankhwala atagwira, mwina bambo adzakutsegulirani okha.

Ndinawatumizira amayi a mafizo kavidiyo kamene mwana anajambula, ndikuyembekezera kuti andiyamikira. Yankho lawo: “Zabwino. Koma mkono wamanzere sukuyenda. Lachinayi tiyamba kukwera masitepe a pakhonde, musachotse tepi.”