Nsomba yogulitsidwa ikadali m'madzi

Teremu ino aphunzitsi atipatsa ntchito yolemba za malonda odalira chilengedwe, aliyense asankhe mutu wake. Anzanga ambiri athamangira ku njovu za ku Liwonde ndi mitengo ya m'phiri la Zomba. Ine ndatenga nkhani ya anthu andalama a ku Ulaya ndi ku America amene amakwera ndege kupita maiko akutali kukawedza nsomba zikuluzikulu zodya zinzake, ali ndi wowalondolera wodziwa bwino mtsinjewo. Ena amalipira madola masauzande angapo pa sabata imodzi yokha. Nsomba ikakodwa amaiyeza, kujambulitsa nayo, kenako n'kuibweza m'madzi ili moyo. Kwa ife okulira kufupi ndi nyanja ya Chilwa, kumene mlamba ukangotuluka m'madzi ndiye kuti wapita pamoto basi, zimenezi zimamveka ngati kusowa chochita ndi ndalama. Koma pamene ndawerengapo, funso limene landigwira ndi lakuti: munthu ameneyu akugula chiyani, ndipo akugula kwa yani?

Malo otchuka ndi ochepa ndithu. Ku Mongolia amapitira taimen, nsomba yaikulu koposa m'banja la salmon, yomeza ngakhale mbewa ndi anapiye a abakha. Ku Brazil ndi ku Guyana amapitira arapaima, yotalika kupitirira mamita awiri. Ku Egypt kuli nyanja ya Nasser, imene inabadwa atatseka mtsinje wa Nile ndi damu la Aswan lomalizidwa mu 1970, ndipo kumeneko komanso kumunsi kwa mathithi a Murchison ku Uganda amasaka Nile perch. Ku Spain kuli mtsinje wa Ebro, wodzaza ndi chimlamba cha ku Ulaya chotchedwa wels. Ku Congo kuli goliath tigerfish, imene imafika makilogalamu ngati 50.

Imene ndakhalapo nthawi yaitali ndi tigerfish ya mu Zambezi, poti ndi yapafupi, ndipo m'dziko mwathu muno ilimo. Mano ake ndi ataliatali osongoka, akumwamba amalowa m'mipata ya akumunsi, moti amaoneka ngakhale itatseka pakamwa. Chingwe wamba imadula kamodzi n'kamodzi, n'chifukwa chake wolondolera amamangirira kawaya pakati pa chingwe ndi mbedza. M'kamwa mwake ndi fupa lokhalokha, mbedza siilowa msanga. Ikamva kuti yakodwa imadumpha m'mwamba ikupukusa mutu, ndipo nthawi zambiri mbedza imafwamphuka, mlendo n'kutsala ali kukamwa yasa. Kupulumuka kwakeko ndi kumene kumakoka anthu. Nsomba yokodwa mosavuta palibe angaikwerere ndege. Mu 2014 akatswiri a ku South Africa anafalitsa umboni wakuti pa damu la Schroda nsombayi imadumpha n'kuwakha anamzeze akuuluka pamwamba pa madzi. Ku Kariba, damu limene linatha kumangidwa mu 1959, mpikisano wowedza tigerfish unayamba mu 1962. Nsombazo zinanenepa kwambiri kumeneko atabweretsamo kapenta kuchokera ku nyanja ya Tanganyika chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960.

Nkhani ina yandisangalatsa ndi ya ku Okavango, ku Botswana. Madzi akayamba kuphwa cha mu Seputembala ndi Okutobala, milamba imasonkhana chigulu n'kumayenda m'mbali mwa gumbwa, ikumenya madzi ndi michira kuti tinsomba tobisala tituluke. Tinsombato tikathawira pakati pa mtsinje timapeza tigerfish ikudikira, pamwamba akakowa ali yakaliyakali. Wolondolera waluso sayang'ana m'madzi, amayang'ana kumene mbalame zaunjikana n'kumvetsera phokoso la m'gumbwamo. Ndipo mlamba umenewu ndi womwewu umene amayi amagulitsa wowamba, wopindidwa mutu kukumana ndi mchira, mumsika wa Zomba. Luso loterolo asodzi a pa Kachulu, doko la pa nyanja ya Chilwa, ali nalo. Munthu wogona m'zimbowera pakati pa mabango miyezi yathunthu amadziwa kumene mlamba wabisala pongoona mtundu wa madzi ndi mmene mphepo yaombera. Kusiyana kwake n'kwakuti winayo nzeru zakezo zimamubweretsera madola, pamene wa pa Kachulu zimangomuthandiza kudzaza dengu.

Zimene tinaphunzira chaka chatha zokhudza kudyana kwa zamoyo zandithandiza pano. Mphamvu ikamachoka pa ndere kupita kwa tizilombo, kwa tinsomba, mpaka kwa nsomba yolusa, pa sitepe iliyonse imadutsa ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10. Ndiye kuti nsomba imodzi ya makilogalamu 50 yaima pamwamba pa mulu waukulu wa tinsomba, ndipo zoterozo sizingachuluke mumtsinje ngakhale zitafuna. Zimakulanso mochedwa. Taimen imatha zaka zingapo isanayambe kuswa ndipo imakhala ndi moyo zaka makumi angapo. Kuwonjezera apo, nsomba yaikazi yaikulu imaikira mazira ambiri zedi kuposa yaing'ono. Ukapha yaikuluyo wapha mayi wa mtsinje. Choncho mwini malo ogona alendo amene amaumirira kuti nsomba ibwezedwe m'madzi sikuti ndi wachifundo kuposa msodzi wa khoka ayi. Akuteteza katundu wake. Nsomba yomweyo aigulitsa kwa mlendo wa chaka chino, aigulitsanso kwa wa chaka chamawa.

Kubwezako nakonso kuli ndi malamulo ake, apo ayi ndi kupha kochedwa chabe. Olondolera osamala amaphwanya kandevu ka mbedza kuti ituluke msanga, amanyowetsa manja asanagwire nsomba kuti asachotse thelezi loiteteza ku matenda, ndipo salola kuti ikhale kunja nthawi yaitali chifukwa cha zithunzi. Madzi otentha amakhala ndi mpweya wochepa, pamene nyengo yabwino ya tigerfish mu Zambezi ndi yotentha yomweyo, mvula isanagwe. Nsomba yolimbana mpaka kulefuka ikangoponyedwa m'madzi imatembenuka chagada, ng'ona n'kuyamika. Amayenera kuigwira mutu utaloza kumene madzi akuchokera mpaka itayamba kudzimenya yokha.

Pali mbali ina imene zithunzi za alendo omwetulira sizionetsa. Wels ya mu Ebro si ya kumeneko. Inatayidwamo cha mu 1974 kuchokera chapakati pa Ulaya, inapeza madzi ofunda a damu la Mequinenza, n'kukula kupitirira mamita awiri. Lero tauni ya Mequinenza imalandira alendo ochokera ku Britain ndi ku Germany, koma boma la Spain linaiika nsombayo pa mndandanda wa zamoyo zobwera zowononga, chifukwa nsomba zachibadwidwe za mumtsinjemo zachepa. Ku France, mumtsinje wa Tarn pa mzinda wa Albi, ofufuza analemba mu 2012 kuti wels imadziponya pamchenga kugwira nkhunda zobwera kudzamwa madzi.

Chitsanzo chowawa koposa ndi cha nyanja ya Victoria. Nile perch inaikidwamo m'zaka za m'ma 1950, nthawi ya atsamunda, poganiza kuti idye tinsomba tating'ono tosagulika n'kutisandutsa nyama yamtengo. Kwa zaka makumi awiri inali phee. Pofika m'ma 1980 inachuluka modzidzimutsa, ndipo mitundu pafupifupi 200 ya tinsomba ta banja la mbuna ndi utaka wathu inasowa, ngakhale kuipa kwa madzi kunathandizirako. Ndalama zinabwera, mafakitale anamangidwa ku Mwanza ndi ku Kisumu, minofu n'kumapita ku Ulaya pa ndege. Anthu a m'mbali mwa nyanja ambiri anatsala ndi mitu ndi mafupa. Poti nsombayo ndi yamafuta, siuma padzuwa ngati tinsomba takale, imafuna kuwamba, ndiye nkhuni nazo zinapita. Nyanja ya Malawi ili ndi mitundu ya nsomba yambiri kuposa nyanja ina iliyonse padziko lapansi. Munthu wondiuza kuti tiikemo nsomba yolusa yachilendo kuti tikope alendo, ine sindingamumvere n'komwe.

Zomba yomweyi inalawapo kale zimenezi, pang'ono pokha. Pamene mzindawu unali likulu la dziko, monga unalili mpaka 1975, atsamunda anabweretsa trout n'kuiika m'mitsinje yozizira ya pamwamba pa phiri, monga Mulunguzi, kuti Loweruka azikwera kukawedza ngati ali kwawo. Mwayi wake trout siipirira madzi otentha, ndiye sinatsike kukasokoneza matemba ndi makumba ku Chilwa. Inatchingidwa ndi kutentha, osati nzeru za amene anaibweretsa.

Tigerfish yathu nayo ili ndi mpanda wake wachilengedwe. Imapezeka m'chigwa cha Shire, ku Chikwawa ndi ku Nsanje, ku dambo la Elephant Marsh, koma mathithi a pakati pa Shire, omalizira ake ndi Kapichira, amailetsa kukwera kufika ku Malombe ndi ku nyanja. Pokonza ngalande yaikulu ya ulimi wothirira m'chigwa cha Shire, imene imatenga madzi pa Kapichira, anachita kuganizira zoika chotchinga kuti nsombayi isapeze njira yozembera mathithiwo. Nsomba yomweyo ndi chuma kumunsi, kumtunda ndi chiopsezo.

Njira imene yandikhutiritsa ndaipeza ku Amazon. Arapaima imapuma mpweya wa kunja, ndiye pakapita mphindi 10 mpaka 20 imayenera kutumphukira pamwamba. Chizolowezi chimenechi chinatsala pang'ono kuimalizitsa, chifukwa munthu wa mkondo amangoidikira. Koma ku Mamirauá, ku Brazil, kuyambira 1999 chizolowezi chomwecho chinasanduka chida. Asodzi akale amakhala m'mabwato mwakachetechete, aliyense ndi dera lake la thamanda, kwa mphindi 20, akuwerenga nsomba iliyonse yotumphuka. Pongoona mafunde ndi kumva kaphokoso amadziwa kuti iyi ndi yaikulu, iyi ndi mwana, iyi yatumphuka kachiwiri. Asayansi atayesa chiwerengero cha asodziwo ndi njira zawo, anapeza kuti chikugwirizana. Boma limalola mudzi kupha zosapitirira 30 pa 100 zilizonse za zikuluzikulu zimene zawerengedwa, mudziwo n'kumalondera mathamanda ake usiku. Nsomba zinabwerera. Ku Guyana, m'mudzi wa Rewa, malo ogona alendo odzawedza arapaima ndi a mudzi womwewo, olondolera ndi ana a pamudzipo.

Apa ndi pamene ndikuona kuti nkhani yonse yagona. Mlendo akalipira, sakugula nsomba, akugula kudziletsa kwa anthu amene akanatha kuidya. Kuti tigerfish ifike makilogalamu asanu ndi atatu, pali bambo wina amene sanatchere matchera pamalopo zaka zingapo. Ngati ndalama yalipiridwa ku kampani ya ku London kapena ku Johannesburg, bwato ndi la mwini wakunja, chakudya chabwera pa galimoto kuchokera m'tauni, ndipo bambo uja wangouzidwa kuti pano musaphepo, ndiye kuti wabedwa masana. Usiku adzabwera ndi ukonde wake, ndipo ine sindingamuweruze. Galu wamkota sakandira pachabe.

Kudziletsa kotere si kwachilendo kwathu kuno. Pa chilumba cha Mbenji ku Salima, mafumu a banja la Makanjira akhala akutseka usodzi nyengo ya mvula kuyambira m'zaka za m'ma 1950, asodzi onse n'kuchoka pachilumbapo mpaka tsiku lotsegulira. Lamulo la za usodzi la 1997 linapereka mpata wakuti anthu a m'midzi azitenga nawo mbali posamalira nsomba, ndipo makomiti a m'madoko alipo m'malo ambiri. Chimene chikusowa ndi kulumikiza komiti yotere ndi ndalama ya mlendo, mwachindunji, mudzi ukudziwa kuti bwato lililonse lotuluka ndi mlendo lasiya zingati m'thumba lawo.

M'pepala langa nditchula malo awiri. Oyamba ndi mtsinje wa Bua, mkati mwa nkhalango yotetezedwa ya Nkhotakota, kumene mpasa imakwera kukaswa. Mpasa imadya tinsomba, imalimbana ikakodwa, ndipo kunja kwa nyanja ya Malawi ndi mitsinje yake kulibe kwina ungaipeze, zimene ngakhale Zambezi sangadzitame nazo. Koma yachepa kwambiri chifukwa cha kutchinga mitsinje ndi maukonde komanso matope ochokera m'minda, moti alendo angafunike ochepa zedi ndi nyengo yosankhidwa bwino. Achiwiri ndi chigwa cha Shire, kumene kuli tigerfish ndi chimlamba chachikulu chotchedwa vundu. Kumeneko vuto ndi kuchuluka kwa anthu odalira dambo lomwelo pa ndiwo za tsiku ndi tsiku.

Chilwa sindiiikamo, ngakhale ndi ya kwathu ndipo inalembedwa pa mndandanda wa Ramsar wa madambo ofunika padziko lonse. Nyanja imene inauma mu 1968 ndi mu 1995, n'kuphwanso kwambiri mu 2012 ndi mu 2018, siipatsa nsomba zaka zokwanira kuti ikalambe. Nsomba zake zimapulumukira mu Likangala, mu Domasi ndi mu Phalombe, madzi akabwera n'kuswana msangamsanga. Ndi nyanja yodyetsa khamu, ndipo mlendo amene ingamukope ndi woonera mbalame. Ndondomeko ya pepalali ndikaipereka kwa aphunzitsi Lachisanu, gawo la Bua ndi limene ndiyambire kulemba.