Lupanga la samurai ndi mpunga wa mlimi

Achinyamata ambiri kuno ku Thyolo amawadziwa asamurai a ku Japan kudzera m'mafilimu amene amaonetsedwa m'nyumba za kanema pa Bvumbwe ndi pa Luchenza, ndipo chimene chimawatenga mtima ndi munthu wosaopa imfa, wosabweza mawu ake, wosataya mbuye wake ngakhale zinthu zitafika pothina. Khalidwe limeneli linali ndi mwambo wake wotchedwa bushido, umene ine ndimaulemekeza pa zambiri, koma sindingathe kuuganizira popanda kufunsa kuti amene ankadyetsa ankhondo amenewa anali ndani.

Asamurai adatenga ulamuliro kumapeto kwa zaka za m'ma 1100, pamene Minamoto no Yoritomo adakhazikitsa boma la ankhondo ku Kamakura, ndipo adaugwira mpaka mu 1868. Komabe zambiri za mwambo wawo zidalembedwa malupanga ali m'chimake. Tokugawa Ieyasu atapambana nkhondo ya ku Sekigahara mu 1600, banja lake lidalamulira zaka zoposa 250 zimene nkhondo zidali zosowa, moti samurai adasanduka kalaliki ndi wosonkhetsa msonkho. Apa m'pamene mphunzitsi Yamaga Soko adafunsa funso lolasa mtima, lakuti munthu wosalima, wosasula ndiponso wosachita malonda adyeranji thukuta la anzake. Yankho lake linali lakuti ntchito ya samurai ndi kukhala chitsanzo cha makhalidwe abwino, kutumikira mbuye wake mokhulupirika, kudziletsa pa zakudya ndi pa mkwiyo, ndi kuika udindo patsogolo pa moyo wake.

Kuti mawu amenewa sanali a pakamwa chabe, nkhani ya ankhondo 47 a ku Ako ikuchitira umboni. Mu 1701 mbuye wawo, Asano Naganori, adasolola lupanga m'nyumba ya ulamuliro ku Edo, mzinda umene lero ndi Tokyo, n'kuvulaza nduna ina dzina lake Kira Yoshinaka, ndipo tsiku lomwelo adalamulidwa kudzipha podzing'amba pamimba, mchitidwe wotchedwa seppuku. Dziko lake lidalandidwa, anthu ake n'kutsala pamtetete. Motsogozedwa ndi Oishi Kuranosuke, iwo adabisa cholinga chawo kwa zaka pafupifupi ziwiri, ena akudzionetsa ngati amalonda, kufikira usiku umene adathyola chipata cha Kira n'kumupha. Mutu wake adautsuka pachitsime, adauika pamanda a mbuye wawo ku kachisi wa Sengakuji, kenaka adadzipereka okha kwa olamula, akudziwa bwino chimene chinkawadikira. Mu 1703 anthu 46 mwa iwo adadzipha mwa lamulo, ndipo mpaka lero anthu amapita kukafukiza lubani pamanda awo pa 14 December chaka chilichonse. Kubwezera sindikuvomereza, koma sindingabise kuti anthu osathawa mlandu wa zimene achita ndi manja awo amandigwira mtima.

Tsono tiyeni titsike kumunda. Malipiro a samurai ankawerengedwa mu mpunga, pa muyeso wotchedwa koku, wokwana malita pafupifupi 180, umene unkatengedwa ngati chakudya cha munthu mmodzi pachaka. Mpunga umenewo unkachokera kwa alimi, amene m'madera ambiri ankapereka magawo anayi kapena asanu mwa magawo khumi a zokolola zawo. Mu 1588 Toyotomi Hideyoshi, amene ankalamulira Japan a Tokugawa asanatenge ulamuliro, adalamula kuti alimi alandidwe malupanga ndi zida zina zonse, ndipo m'nthawi ya a Tokugawa samurai anali ndi ufulu wotema munthu wamba amene wamuchitira chipongwe, ngakhale kuti ankayenera kupereka mboni pambuyo pake. Ife a ku Thyolo ndi ku Mulanje zoterezi sitizimva ngati nthano, chifukwa makolo athu, ambiri a iwo Alomwe ochokera ku Mozambique, adagwira thangata m'maesiteti a atsamunda, kulipira malo okhala ndi mphamvu za thupi lawo pamene minda yawo inkamera tchire. Wokhala pakhonde akhoza kukhala ndi ulemu wonse ndi mawu osabwerera, koma wogwira khasu ndiye amadziwa mtengo wa ulemuwo.

Chimene chimandiwawa koposa ndi chimene chidachitika asamurai atatha. Boma latsopano la mfumu Meiji lidayamba kulemba amuna usilikali mu 1873 mosasankha kuti uyu ndi samurai kapena munthu wamba, ndipo mu 1876 lidaletsa kuyenda ndi lupanga m'chiuno. Cha m'ma 1900 Nitobe Inazo adalemba buku m'Chingerezi lofotokozera anthu akunja bushido ngati mtima wa fuko lonse la Japan, ndipo maganizo otere adazika mizu kwawo komweko. Pofika m'zaka za m'ma 1930 akuluakulu ankhondo ankaphunzitsa kuti kugwidwa wamoyo ndi manyazi oposa imfa, chiphunzitso chimene chidachititsanso kuti akaidi ankhondo azunzidwe mopanda chifundo. Asilikali ambiri amene adauzidwa kufera mfumu mwa mwambo wa asamurai, ku China, ku Burma ndi pa zilumba za m'nyanja ya Pacific, anali ana a alimi a mpunga, ochokera m'midzi yomwe ija imene idalandidwa malupanga mu 1588.