Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: A Madala a pagolosale

Gawo lapita lija ndinalonjeza kuti ndipitiliza ndi nkhani ya ntchito yanga yoyamba ya m'tauni, koma ndakhota kaye abale, a Madala atisiya ndipo mutu wanga sukulola kulemba zina ndisananene za iwowa. Amene mwakhala mukutsatira kuyambira koyambirira mukuwakumbukira, ndi aja ndinawatchula pang'ono pofotokoza za imfa ya bambo anga, eni golosale ija inali pafupi ndi nyumba yathu. Dzina lawo sindilemba, ana awo alipo ndipo sindinawapemphe. Komanso palibe ankawaitana ndi dzina, tonse timangoti a Madala, olo akuluakulu anzawo a imvi ankatero.

Bambo atamwalira zinthu pakhomo zinathina koopsa. Tsiku lina mayi anandituma kuti ndikapemphe sopo ndi mchere pa ngongole, ndiye inu mukudziwa mnyamata wa msinkhu umene uja manyazi ake, ndinafika pagolosale ndinapeza pakhonde padzaza azibambo akucheza, ena mwa iwo makolo a anzanga a m'kalasi. Ndinangoima chapatali kumanamizira kuwerenga zolembalemba za pakhoma. A Madala anandiyang'ana kamodzi kokha, kenako amvekere mokweza, "Iwe mphwanga, wangoima ngati ulibe manja bwanji, tabwera undisunthire makatoni awa." Ndinasuntha makatoni aja kuchoka pakona ina kupita pakona ina, ndipo nditamaliza anandifunsa chapansipansi kuti mayi akutuma chani, nkundikulungira zonse mu pepala, nkunenanso mokweza kuti malipiro a ganyu yako ndi amenewo, mawa ubwerenso ukaweruka. Mawa lake ntchito yanga inali yobwezera makatoni omwe aja pomwe anali poyamba kkkk. Umo ndi mmene ndinalowera kuseri kwa kauntala.

Musaganize kuti anandipatsa ndalama kuti ndizigwira ayi. Kwa nthawi yaitali ntchito yanga inali tsache ndi kansanza kopukutira mashelefu. Kenako kuyala katundu, wakale kutsogolo watsopano kumbuyo kuti wakaleyo ayambe kutuluka asanaonongeke, kuwerenga madeti pa zitini ndi mapaketi, sopo kutali ndi shuga chifukwa shuga amakoka fungo, parafini yekha panja penipeni ndipo ukamugwira usambe m'manja usanakhudze china chilichonse. Sikelo ankafuna kasitomala aone yekha kuti yayambira pa ziro usanathirepo kanthu. Chenji chokha chinali ndi lamulo lake lomwe mpaka pano ndimalitsata: ndalama imene munthu wakupatsa usaiponye m'bokosi, isiye pakauntala poonekera, uwerenge chenji mokweza m'dzanja lake, akavomera ndiye uike ndalama ija m'bokosi. Ukatero palibe angabwerere nkumati ndinakupatsa yaikulu. Zinthu zing'onozing'ono zimenezi, koma ndaona magolosale akugwa chifukwa cha mikangano ya chenji yokha basi.

Phunziro lalikulu linali la mpamba ndi phindu. Madzulo tikatseka ankakhuthula bokosi patebulo, ndalama mbwee, ine maso tong'o kuganiza kuti a Madala ndi olemera zedi, iwo nkuyamba kugawa milu. Mulu waukulu ankati uwu si wanga, ndi wa mashelefu, mawa ukapikule katundu amene watuluka lero. Kamulu kena ka lendi ndi zina zolipira. Kotsala kochepetsetsa kaja ndiye ankati aka ndi kanga, nkukaika m'thumba la mkati la jekete. Anandiuza kuti shuga, mchere, sopo ndi machesi phindu lake ndi lochepa kwambiri koma usalole zithe pashelefu chifukwa ndi zimene zimabweretsa anthu pakhomo, munthu akabwerera shuga ndi pomwe amaonanso batire kapena ulusi nkugula. Anandiuzanso kuti mitengo ikakwera ku holoselo usagulitse potengera mtengo umene unapikulira dzulo, uziganiza za mtengo umene ukapikulire mawa, kupanda apo ugulitsa katoni yonse ndi chimwemwe koma ndalama yakeyo osakwana kugula katoni ina. Anthu ambiri amene amati bizinesi yanga anandilodza, nthawi zambiri mfiti yake imakhala imeneyi.

Tsono apa ndi pamene pali nkhani imene ndikufuna muimve bwino, chifukwa anthu akamawatamanda a Madala amangoti anali opatsa, anali opatsa, ngati kuti ankangotola zinthu pashelefu nkumamwaza. Sizinali choncho. Munthu akabwera ndi vuto lenileni, kaya mayi wamasiye kaya gogo wolera zidzukulu, a Madala ankapisa m'thumba la jekete lija, kutulutsa ndalama yawo, kuiponya m'bokosi la golosale, kulemba m'buku kuti chagulidwa, kenako ndiye nkupereka chinthucho. Ankagula m'golosale yawo yomwe ngati kasitomala wina aliyense. Ulendo woyamba kuona zimenezi ndinaseka, ndimvekere, "Koma Madala, si zanu zomwe izi, mukudzilipiranji nokha?" Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi amvekere, "Mphwanga, golosale ilibe chisoni, wachisoni ndine. Tsiku limene golosaleyi idzayambe kumva chisoni, chaka sichitha titseka, ndiye amayi awa adzapita kwa ndani?" Ndipo m'thumba muja mukauma ankakana ndithu, maso ali gwa, kunena kuti lero sindingathe bwerani Lachisanu. Ena ankachoka akung'ung'udza kuti mdala woumira, mashelefu ali odzaza chonchi akukana bwanji.

Buku la ngongole linali lina lapadera, la chikuto cholimba, ndipo linkakhala pansi pa kauntala osati poonekera. Sankalemba dzina la munthu pali anthu ena, ankadikira achoke. Aliyense anali ndi malire ake malinga ndi mmene amapezera, apantchito ankabweza mwezi ukatha, alimi akakolola, ndipo fodya sankakongoza olo utagwada. Ana a sukulu ofuna kope kapena cholembera sankawabweza. Analipo owadyera masuku pamutu, osanama, bambo wina anakongola mpaka tsamba lonse kudzaza kenako anayamba kuzungulira njira yakuseri kuti asadutse pagolosale, ndipo a Madala sanapite kukamuchititsa manyazi pakhomo pake, anangotseka tsamba lake basi. Amayi akunyumba kwawo nkhani zoterezi zinkawapweteka kwambiri, ndinawamvapo kangapo akukalipa kuseri kuti inu mukulera mudzi wonse pomwe denga lanu likudontha. Ndipo amayiwo sankanama, denga linkadonthadi.

Sindikufuna kuwapanga mngelo chifukwa choti amwalira. Anali ndi mtima wapachala, ukalakwitsa masamu ankakukalipira pamaso pa makasitomala mpaka misozi kulengeza, zomwe ndimadabwa nazo mpaka lero kuti munthu wosamala ulemu wa okongola chonchija ankalephera bwanji kusamala ulemu wa ife omuthandiza. Anali okanika pa zatsopano, anzawo atayamba kulandira ndalama za pafoni iwo anakana kwa zaka, ati ndalama imene sindingaigwire sindingaiwerenge, ndipo makasitomala ambiri achinyamata anawataya choncho. Mwana wawo wamkulu anandiuzapo tsiku lina mosaseka kuti iwe unawadyerera bambo athu kuposa ife. Sindinamuyankhe chifukwa ndinkadziwa kuti nthawi imene a Madala ankakhala nane pansi kundiphunzitsa masamu a golosale, ana awo ankawaona atatopa kale usiku.

Nthawi ya mayeso omaliza a sekondale ndalama ya mayeso inasowa, mayi anayesa uku ndi uku osaphula kanthu, tsiku lotseka kulipira likuyandikira. Ine sindinawauze a Madala koma nkhani za pamudzi sizibisika. Anandiitana, kundipatsa ndalama yonse, kenako anatulutsa buku la ngongole lija nkulemba dzina langa ine ndikuona. Kunena zoona mumtima zinandiwawa pang'ono, ndinkaganiza kuti mmene ndawagwirira ntchito muja angondipatsa. Amvekere udzabweza ukadzayamba kulandira, olo patapite zaka khumi. Nditalandira malipiro anga oyamba ndinapita nayo ndalama ija, mkati ndikuyembekezera kuti anena kuti aaa isunge mphwanga. Ayi ndithu, anailandira, kuiwerenga kawiri, kukhwatcha dzina langa, nkundigwira chanza ngati munthu wamkulu mnzawo. Patapita nthawi ndinamva kwa amayi akunyumba kwawo kuti ndalama imeneyo sinagone nkomwe m'nyumba, inakalipirira mtsikana wina wa kuseri kwa msika amene naye mayeso anatsala pang'ono kumuphonya, ndipo naye analembedwa m'buku momwemo.

Zaka zomalizazi matenda a shuga ndi BP anawafooketsa, miyendo inkatupa, maso anayamba kuchita chifunga moti sikelo sankaionanso bwino. Golosale anayamba kuyendetsa ndi mwana wawo wamkazi womaliza, iwo ankangokhala pampando pakhonde kumalondera chenji ndi khutu, akamva kuti sanawerenge mokweza ankagogoda ndodo pansi. Ulendo womaliza kuwaona sitinachezenso zambiri, anandifunsa za ana, kenako funso lawo la masiku onse, loti kabizinesi kako kaja ndalama ya mpamba ndi ya pakhomo zikugona thumba limodzi kapena ayi. Ndinawauza kuti zimagona kosiyana, amvekere ndidzabwera ndidzaone buku. Foni ya uthenga inandipeza m'bandakucha, anamwalira ali kuchipatala atagonekedwa masiku ochepa.

Za maliro sindinena zambiri, anthu anabwera ochuluka, ena ochokera kutali amene ine sindinkawadziwa nkomwe kuti anadutsapo m'manja mwa a Madala. Zimene zandisowetsa tulo ndi zomwe zachitika maliro atatha. Anthu anayamba kufika pagolosale mmodzimmodzi, ena ndi ndalama yomanga pansalu, kunena kuti ndinali ndi ngongole ya a Madala sindikufuna indilemere. Mwana wawo wamkazi womaliza uja potsegula mabuku akale kuti akhwatche, akupeza kuti ambiri mwa mayina amenewo ndi okhwatchidwa kale, pambali palembedwa ndi dzanja lawo lija kuti ndalipira ine, ndi deti lake. Ngakhale tsamba la bambo wozungulira njira yakuseri uja, a Madala analipira pang'onopang'ono kuchoka m'jekete mpaka linatha, mwini wake osadziwa, akuzembabe golosale zaka zonsezi pa ngongole yoti kulibe.

Ndiye pabuka mkangano pakati pa anawo. Wamkulu akuti ndalama zimenezo zilandiridwe chifukwa zinachoka m'thumba la bambo awo, kutanthauza kuti zinachoka pakamwa pa banja, ndipo amayi awo akufunika chisamaliro. Wamng'onoyo akuti buku likuti ngongole inatha ndiye iye salandira ndalama ya ngongole yotha, akuwabweza anthu. Onse awiri andiimbira, aliyense akufuna ndikhale mbali yake poti ine ndi amene ndinakhalitsa kuseri kwa kauntala ija. Ine maganizo anga ndi oti wobwera yekha ndi ndalama asabwezedwe, auzidwe zoona kuti a Madala analipira kale, akafunabe kusiya asiye, ipite kwa amayi osati m'bokosi la golosale, koma wina asayende khomo ndi khomo ndi mabuku amenewo kukatolera. Wamkuluyo sanakondwe nazo, akuti ndikulankhula chonchi chifukwa si bambo anga. Palinso nkhani yoti golosale igulitsidwe kapena ipitilire, imeneyo ndawauza kuti sindilowererapo, ndi ya banja. Chomwe ndavomera ndi kupita Loweruka kukawathandiza kuwerenga katundu yense shelefu ndi shelefu, kuti pokangana azikangana akudziwa kuti mpamba watsala zingati.