Amayi analawa madzi a ku Cape Vidal

Abambo ndi amayi atabwera kuchokera ku Mangochi kudzandiona kuno ku Johannesburg, sindinafune kuti mwezi wonse azingokhala m'kachipinda kanga ka ku Rosettenville. Ndinabwereka matenti awiri, tinalongedza kambaula ka gasi, ufa ndi mthiko, n'kuuyamba m'mamawa pa msewu waukulu wa N3.

Usiku woyamba tinagona ku Golden Gate, paki ya kumapiri. Kuzizira kwake! Abambo anagona atavala chipewa. Ku paki ya nyama ya Hluhluwe-iMfolozi chipembere chinadutsa pafupi ndi galimoto, iwo n'kunong'ona, "Mwanawe, tazimitsa injiniyo ndichione bwino."

Koma mtima wanga unatsalira ku Cape Vidal, gombe la nyanja yamchere ya Indian Ocean mu paki ya iSimangaliso. Amayi anakulira m'mphepete mwa nyanja kwathu ku Malawi, madzi sawaopa. Anapinda chitenje, analowa mpaka m'mawondo, anatapa madzi ndi manja n'kulawa. Analavula. "Ndi mcheredi! Nanga akuno amachapa bwanji?" Anaimabe pomwepo nthawi yaitali, mafunde akuwamenya miyendo, akufunafuna mapiri a kutsidya ngati kwathu, osawaona.

Madzulo anaphika nsima apusi ali tcheru m'mitengo, abambo akulondera ndiwo ndi kamtengo m'manja.