Zikomo nonse amene munathamangira mwana wanga

Papita masiku anayi, ndipo lero ndi pamene mtima wakhala pansi moti ndingathe kulemba. Ambiri mwa inu amene munandithandiza Loweruka lija sindikukudziwani mayina, ndiye ndati ndithokoze poyera, mwina uthengawu ungakupezeni.

Kwa amene simunamve, zinali chonchi. Ndinali pamalo oimika magalimoto, ndikumangirira mwana wanga wa chaka ndi miyezi iwiri pampando wake wakumbuyo. Ankalira, akukana lamba, ndiye ndinamupatsa makiyi kuti aziseweretsa. Chikwama, foni ili momwemo, ndinachiponya pampando wakutsogolo. Ndinatseka chitseko chake n'kuyamba kuzungulira kuti ndikalowe. Ndisanafike n'komwe ndinangomva kuti khwatcha! Kachala kaja kadina batani lokhoma pa limoti. Dzuwa lili paliwombo, magalasi onse okweza, injini yozimitsa.

Oyamba kuwathokoza ndi a mlonda a pamalopo. Bambo, inu simunandifunse kuti zatheka bwanji. Munangotulutsa foni yanu n'kundipatsa. Ndinaimbira bambo a kunyumba kuti athamange ndi kiyi wapadera, iwo n'kukhala chete kaye, kenako akuti, "Amayi a mwana, kiyi uja ali m'kabokosi kakutsogolo, m'galimoto momwemo." Zaka zitatu tikusunga kiyi wotsegulira galimoto m'kati mwa galimoto yomweyo! Lero tikuseka, koma tsikulo miyendo inandilefuka.

Zikomo amayi awiri amene munavula nsalu zanu n'kuphimba magalasi a mbali ya dzuwa, kenako n'kuyamba kumuseketsa mwana, kumuwombera m'manja, kumulozera kuti adinenso batani. Poyamba iye ankaona ngati masewera. Ankamenyetsa makiyi pawondo, akutisekerera. Kenaka makiyi anamupulumuka n'kugwera pansi pa mpando, ndipo pasanapite nthawi kuseka kunatha. Nkhope inafiira, tsitsi linanyowa ndi thukuta, kulira kwake kunayamba kumveka kwina kumene sindinakumvepo.

Anyamata amene munabwera ndi waya, ndikukuthokozaninso, ngakhale kuti labala ya chitseko munaing'amba. Munachita zimene munkadziwa. Ndamva pambuyo pake kuti njira imeneyo inkatheka pa magalimoto akale, koma zitseko za masiku ano zili ndi mawaya a magetsi m'kati, ndipo kupisamo chitsulo mwachimbulimbuli kumawononga zambiri kuposa kutsegula.

Katswiri wa maloko amene a mlonda anamuimbira sindinamuone nkhope tsikulo. Anafunsa funso limodzi: "M'katimo muli munthu?" Atamva kuti muli khanda, anati iye ali kutali, tisamudikire, tiswe galasi. Ndalama yake anaitaya ndi mawu amenewo. Achimwene, Mulungu akuwonjezereni.

Apa ndiulule chinthu chimene chikundichititsabe manyazi. Nditamva zoswa galasi ndinazengereza. M'mutu munabwera mtengo wa galasi ndi zimene bambo a kunyumba akanene, ndipo pakamwa panatuluka mawu akuti tiyesenso wayayo kamodzi. Ndi pamene bambo wina wachikulire, amene anaimika galimoto yake pafupi, anatsegula buti, n'kutulutsa sipanala yomasulira matayala. Anangoti, "Mayi, galasi amagulitsa. Tapatukani."

Mmene anachitira zinaonetsa kuti si koyamba. Sanapite pazenera la mwana. Anasankha lakutsogolo, mbali inayo, lotalikirana naye kwambiri. Mnyamata wina ankati amenye galasi lalikulu lakumaso, iwo anakana, akuti limenelo lili ndi pulasitiki pakati, limangochita ming'alu osagwa. Sanamenyenso pakati pa zenera, pamene chitsulo chimangodunda n'kubwerera, koma pakona m'munsi. Kachiwiri galasi lonse linayoyoka ngati mchenga. Alamu ikulira, anapisa dzanja, chitseko n'kutseguka. Mpweya umene unatuluka mmenemo unali ngati wa mu uvuni.

Zikomo anamwino amene munamupima mwana madzulo ake n'kutiuza kuti ali bwino. Simunandikalipire, koma simunandibisirenso. Munati m'galimoto yotseka kutentha kumatha kukwera ndi madigiri pafupifupi 11 pa mphindi 10 zokha, kuti thupi la mwana limatentha mofulumira katatu mpaka kasanu kuposa la wamkulu, ndiponso kuti likafika madigiri 40 moyo umakhala pangozi. A mlonda akuti zonse zinatenga mphindi zosakwana 15. Ine ndikanalumbira kuti linali ola lathunthu.

Lolemba ndinakamupeza katswiri wa maloko uja kuti ndimuthokoze pamaso. Anandionetsa zimene akanagwiritsa ntchito mukanakhala mulibe munthu: kathumba kopopa mpweya kamene amalowetsa pamwamba pa chitseko kuti papezeke kampata, ndi kandodo kaatali kofikira pa batani lotsegulira. Anandichenjezanso kuti magalimoto ambiri amadzikhoma okha ukatsegula ndi limoti koma osatsegula chitseko msanga, ndiponso kuti anthu ambiri amene amamuitana amakhala ataika makiyi m'buti potsitsa katundu. Pomaliza anandidulira kiyi wachitsulo chabe, wopanda kachipangizo kam'kati. Injini sangailize, koma chitseko amatsegula, ndipo ndi zokhazo zimene ndinkafuna Loweruka.

Kiyi ameneyo tsopano ali pachingwe m'khosi mwangamu. Wapadera uja watuluka m'kabokosi, ali kunyumba pamsomali. Ndikamamangirira mwana, makiyi amakhala m'thumba la chovala, ndipo chitseko cha dalaivala ndimayamba ndachitsegula ndisanatseke chake. Woseweretsa ndamugulira makiyi ake apulasitiki, ngakhale kuti amawataya uko, akufuna enieni. Alire bwanji, sawalandiranso.

Bambo a sipanala aja, inu ndiye munachoka ine ndili chikumbatire mwana, osakuonani n'komwe. Amayi aja akuti galasi linakuchekani padzanja ndipo munangokulunga ndi kampango n'kulowa m'galimoto yanu, yoyera ya mipando yambiri. Sipanala munaiiwala pansi, a mlonda anaitola n'kundipatsa. Ngati wina akuwadziwa bambo amenewa, chonde awauze kuti mwana ali bwino, akuthamanga m'nyumba monse, ndipo sipanala yawo ili ndi ine. Ndikufuna ndikaipereke ndekha.